KAPU IMODZI YA MPUNGA WOPHIKA ILEMERA BWANJI?

Phunziro lathu la mwezi uno liri la amai ophika, la aphunzitsi a masamu ndi a zapakhomo, ndiponso la onse amene apatsidwa udindo wodyetsa khamu la anthu pa ukwati, pa maliro kapena pa sukulu yogonera konko. Funso lake nali: kodi kapu imodzi ya mpunga wophika ilemera magalamu angati?

Ena adzati funsoli nlachabe, popeza makolo athu a ku Karonga, a ku Nkhotakota ndi a m'madambo a nyanja ya Chilwa akhala akuphika mpunga zaka zambirimbiri popanda sikelo. Zimenezo nzoona. Mai wophikira a pabanja pake adziwa poto wake, ndipo diso lake silimnamiza. Koma ziripo nthawi zina zimene diso lokha silikwanira. Munthu wodwala matenda a shuga auzidwa kuchipatala kuti adzidya magalamu akutiakuti. Buku lophunzitsa kuphika linena za makapu, pamene wa m'sitolo agulitsa pa makilogalamu. Komiti ya ukwati ifuna kudziwa mpunga woti igule kuti alendo asabwerere ndi njala. Anthu onsewa ayenera kudziwa kutembenuza muyeso wa kapu kuti ukhale kulemera.

MIYESO IWIRI YOSIYANA

Poyamba tiyeni timvetse kuti kapu ndi sikelo siziyesa chinthu chimodzi. Kapu, mbale, chitini ndi ndowa ziyesa malo amene chinthu chitenga, ndipo muyeso wake ndi malita ndi mamililita. Lita imodzi iri ndi mamililita 1,000. Sikelo iyesa kulemera, ndipo muyeso wake ndi makilogalamu ndi magalamu. Kilogalamu imodzi iri ndi magalamu 1,000.

Tengani zitini ziwiri zofanana. China mudzazemo mchenga, china mudzazemo gaga. Zonse ziwiri zadzaza chimodzimodzi, koma ngakhale mwana wamng'ono adzakuuzani kuti cha mchenga nchimene chalemera. Motero kudzaza ndi kwina, kulemera ndi kwinanso.

Chiripo chinthu chimodzi chimene chigwirizanitsa miyeso iwiriyi, ndicho madzi. M'chaka cha 1795 boma la France, pokhazikitsa miyeso yatsopano, linati galamu ikhale kulemera kwa madzi okwana kamuyeso kamene lero titi mililita imodzi. Nchifukwa chake mililita imodzi ya madzi ilemera galamu imodzi, ndipo lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Sungani mfundo imeneyi, pakuti tidzaigwiritsa ntchito kutsogoloku.

Amene ali ndi mabuku akale adzapezamo mapaundi ndi maaunsi. M'chaka cha 1959 maiko asanu ndi limodzi, ndiwo Britain, United States, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa, anapangana za kulemera kwenikweni kwa paundi. Paundi imodzi ndi magalamu pafupifupi 454, theka la paundi ndi magalamu 227, ndipo aunsi imodzi ndi magalamu 28 ndi pang'ono. M'paundi imodzi muli maaunsi 16.

MAKAPU SALI OFANANA

Chizolowezi cholemba miyeso ya zophika pa makapu osalazidwa pamwamba chinawanda kwambiri ku America. Mai wina wa ku Boston, dzina lake Fannie Farmer, anasindikiza buku lophunzitsa kuphika m'chaka cha 1896, ndipo anaumirira kuti kapu ndi supuni zidzidzazidwa mosalala, osati mounjika. Kufikira lero mabuku a ku America ayesa ndi makapu.

Vuto nlakuti mau oti kapu satanthauza muyeso umodzi ponseponse. Kapu ya ku America ilowa mamililita 237, amene ambiri angoti 240. Kapu ya m'mabuku a ku Australia ndi ku South Africa ilowa mamililita 250. M'mabuku akale a ku Britain muli painti ya mamililita 568, ndipo theka lake ndi mamililita 284. Kakapu kamene kabwera pamodzi ndi poto wamagetsi wophikira mpunga kalowa mamililita 180 okha, chifukwa katsata muyeso wakale wa mpunga wa ku Japan. Nanga kapu yanu yomwera tiyi? Imeneyo ingakhale yaikulu kapena yaing'ono koposa onsewa.

Tsono munthu akakuuzani kuti "kapu imodzi", funso loyamba likhale lakuti, "Kapu yake iti?"

CHIMENE CHICHITIKA M'POTO

Mpunga wouma uli ndi madzi pang'ono. Pa magalamu 100 a mpunga woyera wosaphika, madzi ndi magalamu pafupifupi 12 okha. Ukalowa m'madzi owira, njere zake zimwa madzi, zifewa ndi kutupa. Pa magalamu 100 a mpunga wophika, madzi ndi magalamu pafupifupi 68. Ndiko kunena kuti pa mpunga uli m'mbale yanu, magawo awiri mwa atatu ndi madzi.

Kuchokera pamenepa tipeza kuti mpunga ukapsa ulemera pafupifupi katatu kuposa muja unaliri wouma. Kunena mwatsatanetsatane, magalamu 100 a mpunga wouma atipatsa magalamu pafupifupi 280 a mpunga wophika, ndipo kilogalamu imodzi itipatsa makilogalamu 2.8. Chakudya chenicheni sichinachuluke iai. Chimene chaonjezereka ndi madzi.

Koma mpunga wophika sulowa m'kapu mofanana nthawi zonse. Zifukwa zake nazi zinai.

Choyamba ndi mtundu wa mpunga. Mpunga wa njere zazitali, monga Kilombero, ukaphikidwa bwino uyoyoka, ndipo pakati pa njere patsala mipata ya mpweya. Mpunga wa njere zazifupi ndi wosweka umatana, mipata ichepa, ndipo kapu ilemera.

Chachiwiri ndi madzi amene mwathira. Mukachulutsa madzi, mpunga umwa ambiri, ufewa kwambiri ndi kulemera.

Chachitatu ndi dzanja la wopakula. Wina angothira mpunga m'kapu, wina atsindira ndi supuni, winanso aunjika mulu pamwamba. Kapu ndi imodzi yomweyo, koma kulemera kutuluka kutatu.

Chachinai ndi nthawi. Mpunga wongophula kumene ukutuluka nthunzi, ndipo nthunzi ndi madzi amene akuchoka. Ukazizira upepukako pang'ono.

LAMULO LOSAVUTA KUKUMBUKIRA

Dipatimenti ya zaulimi ya boma la United States inayesa zakudya zambiri ndi kulemba kulemera kwake. Inapeza kuti kapu yao ya mpunga woyera wophika wa njere zazitali ilemera magalamu 158, ndipo ya mpunga wa njere zazifupi ilemera magalamu 186. Tikayerekeza manambalawa ndi mamililita 237 a kapuyo, tipeza lamulo limene aliyense angathe kulisunga pamtima.

Ngati mpunga uli woyoyoka, tengani magawo awiri mwa atatu a mamililita a kapu yanu. Ndiko kuti chulukitsani ndi 2, kenaka gawani ndi 3. Yankho lake ndi magalamu.

Ngati mpunga uli womatana, tengani magawo anai mwa asanu. Chulukitsani ndi 4, kenaka gawani ndi 5.

Potsata lamuloli, miyeso yodziwika ituluka motere:

Kakapu ka mamililita 180: woyoyoka magalamu 120, womatana magalamu 145.

Kapu ya mamililita 240: woyoyoka magalamu 160, womatana magalamu 190.

Kapu ya mamililita 250: woyoyoka magalamu 167, womatana magalamu 200.

Theka la painti, mamililita 284: woyoyoka magalamu 190, womatana magalamu 225.

Theka la lita: woyoyoka magalamu 330, womatana magalamu 400.

Lita imodzi: woyoyoka magalamu 670, womatana magalamu 800.

Lamuloli liyendanso chobwerera. Mukauzidwa magalamu a mpunga woyoyoka ndipo mufuna kudziwa mamililita, chulukitsani ndi 3, kenaka gawani ndi 2. Magalamu 200 afuna kapu ya mamililita 300.

Manambala onsewa ndi a kapu yodzaza mpaka pakamwa, yosatsindira, yosalazidwa pamwamba ndi msana wa mpeni. Musaiwale kuti ndi manambala ongoyandikira. Mpunga wanu ungapitirire pang'ono kapena kuperewera pang'ono.

YESANI KAPU YANUYANU

Lamulo lithandiza pamene mulibe china, koma njira yoposa zonse ndiyo kuyesa kapu yanu kamodzi ndi kusunga yankho lake. Sankhani kapu imodzi pakhomo, ikhale yoyesera mpunga masiku onse.

Kuti mudziwe mamililita a kapuyo, tengani botolo lolembedwa 500 ml. Thiranimo madzi mpaka pamene analekezera pogula, ndiko kuti pafupi ndi khosi, osati mpaka pakamwa. Tsanulirani madziwo m'kapu. Ngati adzaza kapu kawiri ndi kutha, kapu yanu ndi ya mamililita 250. Botolo loyamwitsira mwana liposa, chifukwa liri ndi mizere yoonetsa mamililita m'mbali mwake.

Ngati mungathe kubwereka sikelo yaing'ono, chitani motere. Ikani kapu yopanda kanthu pa sikelo ndi kulemba kulemera kwake. Phikani mpunga monga muchitira masiku onse. Mukaphula, dikirani mphindi 10, ndipo utakaseni pang'ono kuti uyoyoke. Thirani m'kapu ndi supuni osatsindira, salazani pamwamba, ikani pa sikelo. Pa nambala imene mwapeza chotsanipo kulemera kwa kapu. Chotsalacho ndiko kulemera kwa mpunga. Bwerezani katatu, phatikizani mayankho atatuwo, gawani ndi 3. Lembani nambalayo pa pepala ndi kulimata pakhoma la khitchini.

Nanga kumudzi kumene kulibe sikelo? Musade nkhawa, pakuti madzi aja adzakhala sikelo yanu. Dulani ndodo yowongoka yotalika ngati mkono. Mangani chingwe pakati penipeni kuti muipachike pa nthambi kapena pa mtanda wa khonde. Kumapeto onse awiri pachikani makapu awiri ofanana, kapena zitini ziwiri zofanana, pa mtunda wofanana kuchokera pakati. Sunthani chingwe chapakati kufikira ndodo itagona mowongoka makapu ali opanda kanthu.

Tsopano dzazani kapu imodzi ndi mpunga wophika ndi kusalaza pamwamba. M'kapu inayo thirani madzi pang'onopang'ono kufikira ndodo itawongokanso. Pamenepo madzi ndi mpunga zalemera chimodzimodzi. Tsanulirani madziwo m'botolo lija la mizere. Ngati afika pa mamililita 170, mpunga wanu ndi magalamu 170. Mudzaonanso ndi maso anu kuti madzi sanadzaze kapu. Alekezera pafupifupi pa magawo awiri mwa atatu, monga lamulo lija linanenera.

KUCHOKERA M'MBALE KUBWERERA KU THUMBA

Wophikira anthu ambiri ayamba kuganiza za m'mbale, koma kumsika agula mpunga wouma. Tsono masamu ake ayenda motere: pezani magalamu a mpunga wophika amene munthu mmodzi adzadya, chulukitsani ndi chiwerengero cha anthu, kenaka gawani ndi 2.8. Yankho lake ndi mpunga wouma woti mugule.

Mpunga wouma suvuta kuyesa ngati wophika, chifukwa sutsindirika ndipo sutuluka nthunzi. Kapu ya mamililita 250 ya mpunga wouma ilemera magalamu pafupifupi 200, motero makapu 5 akwana kilogalamu imodzi. Kapu imodzi ya wouma ituluka makapu atatu ndi pang'ono a wophika. Chifukwa chake, pamene kuli kotheka, yesani mpunga usanalowe m'poto.

Alimi amene asunga mpunga wosapuntha akumbukire kuti mankhusu ndi deya zichotsa pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Thumba la makilogalamu 50 la mpunga wosapuntha likapita kuchigayo libwera ndi makilogalamu pafupifupi 33 a mpunga woyera.

ZITSANZO ZITATU

Chitsanzo choyamba ndi cha ukwati. Tinene kuti mwaitana anthu 100, ndipo aliyense adzalandira kapu imodzi ndi theka ya mpunga woyoyoka, pa kapu ya mamililita 250. Kapu imodzi ndi theka ndi magalamu 250. Anthu 100 afuna magalamu 25,000, amene ndi makilogalamu 25. Tikagawa ndi 2.8 tipeza makilogalamu pafupifupi 9 a mpunga wouma. Onjezerani pang'ono chifukwa cha nkhoko zotsalira pansi pa poto, ndiponso chifukwa pa ukwati sipalephera alendo osaitanidwa. Koma musachulutse mopyola muyeso. Mpunga wophika ukakhala maola ambiri pa malo ofunda, tizilombo tosaoneka ndi maso tichulukanamo ndi kusiya ululu umene usanzitsa anthu, ndipo kutenthetsanso mpungawo sikuchotsa ululuwo. Mpunga wotsala wochuluka ndi ndalama zotayika, mwinanso ndi matenda.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha mai wogulitsa zakudya pamsika. Tinene kuti aphika makilogalamu 5 a mpunga wouma tsiku lirilonse. Atuluka makilogalamu 14 a wophika. Ngati pa mbale iriyonse aika makapu awiri osalaza, amene ndi magalamu pafupifupi 330, apeza mbale 42. Koma ngati womthandiza atsindira ndi kuunjika kotero kuti mbale ifika magalamu 400, mbale zituluka 35 zokha. Zasowa mbale 7 pa tsiku, ndipo pa masiku 6 zasowa 42, ndiko kuti malonda a tsiku lathunthu. Maiyu adzadabwa madzulo kuti ndalama sizikukwana, mwina adzakayikira munthu wosalakwa kuti akuba, pamene cholakwa chiri pa kapakulidwe.

Chitsanzo chachitatu ndi cha wodwala matenda a shuga. Pa magalamu 100 a mpunga woyera wophika, magalamu pafupifupi 28 ndi chakudya chija chopatsa mphamvu chimene chisanduka shuga m'magazi. Kapu ya magalamu 160 iri ndi magalamu pafupifupi 45 a chakudya chimenechi. Tinene kuti wodwala wauzidwa kudya kapu imodzi, ndipo wonenayo aganiza za magalamu 160. Kunyumba wodwalayo atenga kapu ya mamililita 250 nadzazamo mpunga womatana, magalamu 200. Wadya magalamu 56 a chakudya chosanduka shuga m'malo mwa 45, ali kuganiza kuti wamvera malangizo. Kuchuluka kwa mpunga umene wodwala ayenera kudya anene ndi a kuchipatala, osati ife. Chimene tipempha nchakuti wodwala kapena womsamalira afunse mafunso awiri: "Kodi ndi magalamu angati?" ndi "Kodi munena wouma kapena wophika?" Nkwabwinonso kutenga kapu ya kunyumba ndi kukaionetsa. Funso lachiwirilo nlofunika kwambiri, pakuti magalamu 100 a wouma ndi chakudya chochuluka pafupifupi katatu kuposa magalamu 100 a wophika.

MAU KWA APHUNZITSI

Phunziro ili likomera ana a makalasi akuluakulu, chifukwa liphatikiza tizigawo, kuchulukitsa ndi kugawa ndi zinthu zimene ana aziona kwao. Musayambe ndi manambala pa bolodi. Yambani ndi sikelo ya ndodo ija, ndipo ana aipange okha. Ngati mpunga wophika sungapezeke, yambani ndi mchenga, chimanga, nyemba ndi gaga, kuti ana aone kuti kapu imodzi ilemera mosiyanasiyana malinga ndi chimene chirimo. Tsiku la mpunga, mwana mmodzi athire mosatsindira, wina atsindire, wina aunjike, ndipo kalasi lonse lilembe kusiyana kwake. Pambuyo pake apatseni mafunso awa:

1. Kapu ilowa mamililita 300. Kodi mpunga wophika woyoyoka wodzaza kapuyo ulemera magalamu angati?

2. Buku linena kuti pafunika magalamu 500 a mpunga wophika woyoyoka. Kapu yanu ndi ya mamililita 250. Mudzayesa makapu angati?

3. Mai aphika makilogalamu 2 a mpunga wouma. Ukapsa udzalemera bwanji?

4. Pa sukulu pali ana 60, ndipo aliyense alandira magalamu 330 a mpunga wophika. Wophika atenge makilogalamu angati a mpunga wouma?

5. Buku lakale linena theka la paundi la mpunga wophika woyoyoka. Ndi magalamu angati, ndipo adzatenga mamililita angati?

Mayankho ake nawa. Loyamba, magalamu 200. Lachiwiri, makapu 3. Lachitatu, makilogalamu 5.6. Lachinai, makilogalamu 19.8 a wophika, amene afuna makilogalamu pafupifupi 7 a wouma. Lachisanu, magalamu 227, amene atenga mamililita pafupifupi 340.

ZOTI MUKUMBUKIRE

Kapu iyesa malo, sikelo iyesa kulemera, ndipo madzi ndiwo agwirizanitsa ziwirizi. Dziwani mamililita a kapu yanu. Pa mpunga woyoyoka tengani magawo awiri mwa atatu, pa womatana magawo anai mwa asanu. Thirani mosatsindira ndi kusalaza pamwamba nthawi zonse. Pofuna kudziwa mpunga wouma woti mugule, gawani kulemera kwa wophika ndi 2.8. Koposa zonse, yesani kapu yanu kamodzi ndi kulemba nambala yake.

Tipempha atsogoleri a magulu a amai kuti pa msonkhano wao wotsatira ayese njira ya ndodo ndi madzi, mai aliyense atabwera ndi kapu ya kwao. Ndipo inu amene mwawerenga, musapinde pepalali ndi kulisunga m'bokosi. Awerengereni anzanu amene satha kuwerenga, makamaka amene asamalira odwala ndi amene aphikira anthu ambiri m'mudzi mwanu.